Mmene Mungayambire Kuphunzitsa Chingerezi kwa Akuluakulu Kunja kwa Dziko

Mphunzitsi amene wazolowera kuima kutsogolo kwa ana a Fomu 2 akamalingalira zokaphunzitsa Chingerezi kwa akuluakulu m'dziko lina, kawirikawiri amayesa kuti chimene chidzasinthe ndi malo okha, chonsecho ntchito yonseyo imakhala ina. Munthu wamkulu amene adzakhale pampando kutsogolo kwanu walipira yekha fizi, wabwera madzulo ataweruka kuntchito, ndipo ali ndi chifukwa chenicheni chofunira chiyankhulochi. Wina akufuna kuyankha foni ya bwana wake wochokera ku South Africa, wina akufuna kulemba lipoti la bungwe limene akugwirako ntchito, winanso akukonzekera mayeso oti akaphunzire kunja. Munthu wotere sadikira kuti teremu ithe. Akaona kuti milungu ikupita koma sakutha kunena chimene anadzera, amangosiya kubwera osatsanzika, ndipo sukulu imene yakulembani ntchito imayamba kuwerenga mipando yopanda anthu. Choncho zonse zimene ndifotokoze pano, kuyambira pa mapepala mpaka pa kaphunzitsidwe, zikuchokera pa mfundo yakuti wophunzira wamkulu ayenera kutuluka m'kalasi mwanu tsiku lililonse akutha kunena kanthu kamene sankatha kunena polowa.

Chitsanzo chimene nditsate kwambiri ndi cha Mozambique, makamaka mzinda wa Tete, chifukwa ndi kumene mphunzitsi wa ku Malawi kapena kum'mawa kwa Zambia angafike pa basi popanda kugula tikiti ya ndege. Zambiri mwa izi zingakuthandizeninso m'mayiko ena.

Sankhani dziko limene lingakulandireni

Zotsatsa za pa intaneti zimatchula kwambiri mayiko a ku Asia, ndipo malipiro ake amakopa, koma musanaike mtima kumeneko werengani malamulo a viza a dzikolo. Ku South Korea, mwachitsanzo, viza ya aphunzitsi a Chingerezi yotchedwa E-2 imaperekedwa makamaka kwa nzika za mayiko 7, omwe ndi United States, Canada, Britain, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa. Malawi ndi Zambia palibe pamndandandawo, ngakhale mutakhala ndi digiri yabwino ya Chingerezi. Sukulu zambiri za m'mayiko ena nazonso zimalemba poyera kuti zikufuna munthu wobadwa nacho chiyankhulocho. Tsankho limeneli limapweteka, ndipo silinena kanthu za luso lanu, koma ndi bwino kulidziwa msanga kusiyana ndi kutaya miyezi mukutumiza makalata kumalo kumene lamulo linatseka kale chitseko.

Pafupi pomwepa pali mayiko amene akufuna Chingerezi ndi mtima wonse. Chiyankhulo cha boma ku Mozambique ndi Chipwitikizi, koma mayiko onse amene anachita nawo malire, kuyambira Tanzania, Malawi, Zambia, Zimbabwe, South Africa mpaka Eswatini, amagwiritsa ntchito Chingerezi, ndipo dziko la Mozambique linalowa m'bungwe la Commonwealth mu 1995. Migodi ya malasha ya ku Moatize pafupi ndi Tete, njanji yopita kudoko la Nacala imene imadutsa m'Malawi, makampani a magalimoto onyamula katundu ndiponso mabungwe othandiza anthu, zonsezi zimalemba ntchito anthu amene tsiku ndi tsiku amakumana ndi alendo osadziwa Chipwitikizi. Dziko la Rwanda nalo linasiya kuphunzitsira m'Chifalansa ndi kuyamba kuphunzitsira m'Chingerezi mu 2008, ndipo ku Angola ndi ku Democratic Republic of Congo kulinso akuluakulu ambiri amene anaphunzira sukulu yonse m'chiyankhulo china. M'malo otere, munthu amene anachita kuphunzira Chingerezi kusukulu ali ndi chimene wobadwa nacho alibe: amakumbukira pamene iye ankapunthwa, ndipo amadziwa kufotokoza chifukwa chake chiganizo chili momwe chililimo.

Pezani setifiketi imene olemba ntchito amaikhulupirira

Dipuloma kapena digiri ya uphunzitsi ndi maziko abwino, koma inakukonzekeretsani kuphunzitsa ana amene akulondola silabasi ndi mayeso a boma. Sukulu zophunzitsa ziyankhulo zimafunanso umboni wakuti munaphunzira kaphunzitsidwe ka Chingerezi kwa anthu a ziyankhulo zina. Masetifiketi awiri odziwika kwambiri ndi CELTA, imene imaperekedwa ndi nthambi ya mayeso ya Yunivesite ya Cambridge, ndi CertTESOL ya Trinity College London. CELTA imatenga maola pafupifupi 120, kawirikawiri m'milungu 4 kapena 5 ngati mukuphunzira tsiku lonse, ndipo mkati mwake mumaphunzitsa ophunzira enieni kwa maola 6 aphunzitsi anu akuonerera ndi kukupatsani ndemanga. Maola 6 amenewo ndi amene olemba ntchito amawalemekeza, chifukwa ndi pamene zizolowezi zanu zimaonekera poyera. Malo ophunzirira apafupi ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo masiku ano ena amaphunzira kudzera pa intaneti, koma njira imeneyo imafuna netiweki yodalirika ndi magetsi osazimazima kwa milungu yonseyo.

Maphunzirowa ndi odula, ndipo si aliyense angawakwanitse poyamba. Ngati mungasankhe setifiketi yotsika mtengo ya TEFL (kaphunzitsidwe ka Chingerezi kwa anthu a ziyankhulo zina) ya pa intaneti, funsani mafunso awiri musanalipire: ndi bungwe liti limene linaivomereza, ndipo kodi muli gawo lophunzitsa anthu enieni wina akuonerera? Setifiketi imene mungaimalize kumapeto kwa sabata imodzi poyankha mafunso osankha yankho, olemba ntchito odziwa zinthu saiwerengera. Mukhozanso kulemba mayeso a IELTS, amene amapereka magiredi mpaka 9, kuti mukhale ndi pepala losonyeza mlingo wa Chingerezi chanu. Pepala limeneli limayankha msanga funso limene anthu ena amakhala nalo akaona pasipoti yanu.

Musanachoke kwanu, phunzitsani akuluakulu kwa miyezi ingapo, ngakhale mongodzipereka. Gulu la amayi a kutchalitchi kapena kumzikiti amene akufuna kuwerenga makalata a ana awo, alonda ndi madalaivala a pakampani ina, kapena anthu othawa kwawo ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda monga amene ali ku Dzaleka m'boma la Dowa, onsewa angakuphunzitseni zimene buku silingathe. Pomaliza pemphani kalata yaumboni yotchula nthawi imene munaphunzitsa, chiwerengero cha ophunzira ndi mlingo wawo.

Mapepala ndi mgwirizano wa ntchito

Sonkhanitsani pasipoti yokhala ndi nthawi yokwanira, masetifiketi anu enieni pamodzi ndi makope otsimikizidwa, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, ndi makalata aumboni. Ku Mozambique angafune kuti mapepalawa amasuliridwe m'Chipwitikizi ndi womasulira wovomerezeka, choncho funsani ku ofesi ya kazembe wa dzikolo musanayambe ulendo, chifukwa kubwerera kudzadinditsa chidindo chimodzi kumadya ndalama zambiri kuposa kufunsa. Kuloledwa kulowa m'dziko ngati mlendo si chilolezo chogwirira ntchito. Chilolezo cha ntchito amakupempherani ndi amene akukulembani ntchito, ndipo mukakhazikika mumafunikanso chiphaso cha alendo okhala m'dzikomo, chimene kumeneko amachitcha DIRE. Sukulu ikakuuzani kuti mungoyamba kaye, mapepala adzakonzedwa pambuyo pake, dziwani kuti tsiku limene a zolowa ndi kutuluka adzafike, amene adzayankhe mlandu ndi inu, ndipo munthu wopanda mapepala sangadandaule kulikonse akamanidwa malipiro.

Pali zinthu ziwiri zimene simuyenera kuvomera ngakhale zitavuta bwanji. Musalipire munthu ndalama kuti akupezereni malo pasukulu imene simunayankhule nayo nokha, ndipo musasiye pasipoti yanu m'manja mwa bwana kuti akusungireni. Pemphani kuti muyankhule ndi mphunzitsi mmodzi amene akugwira kale ntchito pasukulupo, mkulu wa sukuluyo palibe.

Mgwirizano muuwerenge modekha, ndipo ngati uli m'Chipwitikizi pezani wina wosakhudzidwa ndi sukuluyo kuti akumasulireni. Funso lalikulu ndi la maola. Sukulu zambiri zimalipira pa ola limene mwaima m'kalasi, osawerengera nthawi yokonzekera, yochonga ndi yoyenda kupita kumakampani kumene kuli makalasi ena. Maola 20 kapena 25 a m'kalasi pa sabata ndi ntchito yodzaza kale kwa munthu woyamba kumene, chifukwa m'miyezi yoyambirira ola limodzi lophunzitsa likhoza kukutengerani ola linanso lokonzekera. Funsaninso chimene chimachitika wophunzira akalephera kubwera mwadzidzidzi, kaya mumalipidwabe kapena ayi, komanso zimene zimachitika mu Disembala ndi Januwale pamene makalasi ambiri amaima koma lendi ikufunikabe. Akuluakulu amaphunzira m'mamawa asanalowe ntchito kapena madzulo ataweruka, motero tsiku lanu likhoza kuyamba 6 koloko m'mawa ndi kutha 9 koloko usiku, masana onse muli chabe. Nyumba yoyandikira sukulu imathandiza kwambiri pa chifukwa chimenechi.

Milungu yoyamba: mvetserani musanaphunzitse

Yambani kuphunzira chiyankhulo cha dzikolo kuchokera tsiku limene mwalandira kalata ya ntchito. Ku Tete anthu ambiri amayankhula Chinyungwe, chimene wodziwa Chichewa amamvako ndithu, ndipo cha ku Angónia, kumalire ndi Malawi, Chichewa chimene ndicho chiyankhulo cha pakhomo, koma ophunzira anu anaphunzira kuwerenga ndi kulemba m'Chipwitikizi, ndipo zolakwa zawo zambiri za m'Chingerezi zidzachokera kumeneko. Kuphunzira Chipwitikizi kudzakukumbutsaninso mmene zimamvekera kukhala munthu wamkulu wolemekezeka amene akulephera kufunsa mtengo wa tomato pamsika.

Musanakonze phunziro lililonse, chezani ndi wophunzira aliyense kwa mphindi 10. Mufunseni ntchito imene amagwira, amene amayankhula naye Chingerezi, kaya amayankhula pafoni, pamaso kapena polemba, ndiponso nthawi yomaliza imene Chingerezi chinamusowetsa mtendere. Funso lomalizali ndi limene limabweretsa mayankho othandiza. Munthu amene angoti akufuna "kudziwa Chingerezi chonse", mukamufunsa bwino amakuuzani kuti Lachiwiri lapitali injiniya wina anamufunsa chifukwa chimene makina anaimira, ndipo iye, ngakhale ankadziwa yankho, anangoti kukamwa yasa. Phunziro lanu loyamba lagona pamenepo. Pamene akuyankhula, inu mukuyesanso mlingo wake, ndipo kenaka mumupatse kuti alembe ziganizo zochepa, chifukwa pali ena amene amayankhula bwino koma kulemba n'kovuta, ndi ena amene amadziwa malamulo onse a galamala koma pakamwa sipatuluka kanthu.

Sukulu zambiri ndi mabuku ambiri amagwiritsa ntchito milingo 6 ya CEFR, dongosolo la ku Ulaya loyezera luso la chiyankhulo, kuyambira A1 ya woyamba kumene mpaka C2. Muidziwe bwino, chifukwa imakuthandizani kulonjeza zoona. Malinga ndi Cambridge, kuchoka pa mlingo umodzi kufika pa wotsatira kumatenga maola pafupifupi 200 a maphunziro otsogoleredwa ndi mphunzitsi. Ngati kalasi imakumana maola atatu pa sabata, ndiye kuti mlingo umodzi ukhoza kutenga nthawi yoposa chaka. Bwana wa kampani akakufunsani ngati antchito ake adzakhale akuyankhula bwino pakatha miyezi itatu, muuzeni chilungamo: m'miyezi itatu adzatha kuyankha foni, kulandira mlendo ndi kulemba uthenga waufupi wokhudza ntchito yawo, ndipo zimenezo mukhoza kuzionetsa. Lonjezo loposa pamenepo lidzakutsatani.

Kukonza phunziro limene ophunzira ndiwo akuyankhula

Apa ndi pamene ambiri a ife tiyenera kuvula chizolowezi chimene tinakula nacho. Tinaphunzitsidwa ndi aphunzitsi amene ankayankhula piriyodi yonse, kulemba manotsi pabolodi, ife n'kumakopera, ndipo pofunsa kuti "Mwamva?" tonse tinkayankha pamodzi kuti inde. M'kalasi ya anthu 90 njira imeneyo inali ndi chifukwa chake. M'kalasi ya akuluakulu 8 kapena 12 imawalanda chimene analipirira. Wophunzitsa mnzake njinga amagwirira chishalo n'kumathamanga pambali, chifukwa akakwera yekha n'kumafotokoza, mnzakeyo adzabwerera kwawo asanapalase. Dziikireni lamulo lakuti gawo lalikulu la nthawi ya phunziro, pakamwa pogwira ntchito pakhale pa ophunzira, ndipo ngati mukukayika, jambulani mawu a phunziro lanu limodzi pafoni atakulolani, mukamvere kunyumba ndi kuona amene anayankhula kwambiri.

Tiyerekeze kuti muli ndi makalaliki 8 a kampani ya magalimoto onyamula katundu, onse a mlingo wa A2, ndipo phunziro ndi la mphindi 90. Pocheza nawo munapeza kuti vuto lawo ndi mafoni a makasitomala ofunsa za katundu wochedwa. Cholinga cha tsikulo muchilembe m'chiganizo chimodzi chonena zimene adzathe kuchita: kufotokoza pafoni kumene galimoto ili ndi chifukwa chimene yachedwera. Mphindi 10 zoyamba akambirane awiriawiri zimene anaphunzira ulendo watha, pamene ochedwa akulowa. Kenaka muwamvetsere kukambirana kwaufupi kwa pafoni kumene munajambula ndi mphunzitsi mnzanu, koma musanakuyatse afunseni funso limodzi losavuta, monga lakuti galimotoyo ili kuti, kuti makutu awo akhale ndi chofunafuna. Amvere kachiwiri ndi mafunso ozama pang'ono. Kuchokera m'kukambiranako tulutsani ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zokha, monga "The truck is still at the border", "It will arrive on Friday" ndi "Could you repeat that, please?" Muzinene momveka, iwo abwereze pamodzi, kenaka mmodzimmodzi, mpaka lilime lizolowere. Galamala imene ikufunika, monga kagwiritsidwe ka "will", muifotokoze pamenepa m'mphindi zochepa, pogwiritsa ntchito ziganizo zomwezo.

Tsopano likubwera gawo lalikulu. Akhazikeni awiriawiri atafulatirana, kuti asaonane nkhope kapena manja monga zimakhalira pafoni. Mmodzi akhale kasitomala wa ku Blantyre, winayo kalaliki, ndipo kalalikiyo mumupatse kapepala konena kuti galimoto yaima pachipata cha malire cha Zóbuè chifukwa mapepala a kasitomu sanakwane. Akatha asinthane, kenaka asinthe anzawo ndi timapepala tina: tayala laphulika, dalaivala wadwala, mlatho watsekedwa. Inu muziyenda pang'onopang'ono kumbuyo kwawo ndi kope m'manja, mukulemba zolakwa zimene mukumva, osawadula pakamwa. Kalasi idzachita phokoso, ndipo mwina mkulu wa sukulu adzasuzumira, koma phokoso limenelo ndi la anthu amene akugwira ntchito. Pamphindi 15 zomaliza lembani pabolodi ziganizo zinayi kapena zisanu zolakwika zimene munamva, osatchula amene anazinena, ndi chimodzi chabwino kwambiri, ndipo iwo eni akonze. Nthawi ikatsala, abwereze kuimba foni kuja kamodzinso, kuti amve okha kusiyana kwake ndi poyamba.

Malangizo a chochita muziwapereka m'mawu ochepa, ndipo ndi bwino kuonetsa chitsanzo ndi wophunzira mmodzi kusiyana ndi kufotokoza nthawi yaitali. M'malo mofunsa ngati amva, afunseni kuti kasitomala ndi ndani, kaya alemba kapena ayankhula, ndiponso ali ndi mphindi zingati. Mukafunsa funso, dikirani. Munthu amene akumanga chiganizo m'chiyankhulo chachilendo amafuna kamphindi, ndipo mphunzitsi amene amaopa bata n'kumadziyankha yekha amaphunzitsa kalasi yake kukhala chete.

Ulemu ndi kukonza zolakwa

Wophunzira wanu akhoza kukhala wamkulu kuposa bambo anu, kapena mkulu wa dipatimenti amene amalamula anthu 50. Tsiku loyamba afunseni mmene akufunira kuti muziwaitana. Ku Mozambique mawu akuti Senhor kapena Dona patsogolo pa dzina ndi ulemu wamba, ndipo ena adzakuuzani okha kuti m'kalasi muzingowatchula dzina. Musakalipire wochedwa, musafunse homuweki ngati mukufunsa mwana, ndipo musaseke cholakwa ngakhale anzake ataseka. Ngati bwana ndi antchito ake ali m'kalasi imodzi, khalani tcheru, chifukwa antchito amaopa kuyankha bwino kuposa bwana, ndipo bwanayo amaopa kulakwa pamaso pawo. Ntchito ya awiriawiri imachepetsa vutoli, ndipo cholakwa cha bwanayo muchikonze pambali kapena muchisakanize ndi za ena pabolodi.

Sikuti cholakwa chilichonse chiyenera kukonzedwa. Pamene mukuyeserera chiganizo chatsopano, konzani nthawi yomweyo, koma mupatse kaye mpata mwini wake: bwerezani chiganizocho mpaka pamene palakwika, n'kuima, ndipo nthawi zambiri amadzikonza yekha. Pamene akucheza momasuka, sungani zolakwazo mpaka kumapeto, ndipo musankhe zimene zikusokoneza tanthauzo kapena zimene zikukhudza phunziro la tsikulo.

Oyankhula Chipwitikizi ali ndi malo awoawo opunthwira, ndipo kuwadziwa pasadakhale kudzakupulumutsirani nthawi. Amati "I have 30 years" ponena zaka zawo, chifukwa ndi mmene chiyankhulo chawo chimanenera. Amasiya mwininkhani n'kunena kuti "Is raining". Amafunsa funso pongokweza mawu, osaika "do". Pali mawu ofanana maonekedwe koma osiyana tanthauzo amene amawasocheretsa: "push" amawamva ngati kukoka chifukwa cha mawu awo akuti puxar, ndipo "parents" amawayesa achibale onse. Amene chiyankhulo chawo cha pakhomo ndi Chinyungwe, Chisena kapena Chichewa amasakanizanso "he" ndi "she", vuto limene inunso mukulidziwa bwino. Pa nkhani ya katchulidwe, dziyang'aneninso nokha. Simukuyenera kuyankhula ngati munthu wa ku London, ndipo ophunzira anu adzayankhula kwambiri ndi anthu a ku Harare, Durban kapena Mumbai kuposa a ku Britain. Komabe ngati mumasakaniza r ndi l, kapena simusiyanitsa "ship" ndi "sheep", yesererani mawu a phunziro lililonse ndi dikishonale ya pafoni yokhala ndi mawu omveka musanalowe m'kalasi, ndipo muziwamvetsera ophunzira mawu a anthu a mayiko osiyanasiyana.

Zipangizo ndi zovuta za tsiku ndi tsiku

Sukulu ikakupatsani buku, ligwiritseni ntchito, chifukwa linakonzedwa ndi anthu odziwa kusanja zinthu kuchokera pa zosavuta. Koma mabuku ambiri analembedwera ku Ulaya, ndipo tsamba lofunsa za tchuthi chokasewera pa chipale chofewa silidzatsegula pakamwa pa munthu wa ku Moatize. Sungani galamala ndi dongosolo la tsambalo, koma musinthe nkhaniyo kuti ikhale ya ulendo wa ku Beira kapena ukwati wa kumudzi. Apempheni abweretse mafomu, ma imelo ndi zikwangwani za kuntchito kwawo, atafufuta mayina ndi zinsinsi za kampani.

Phunziro lililonse likhale ndi njira ina yosafuna magetsi. Ku Tete kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndipo fani ikaima, anthu amene agwira ntchito tsiku lonse amayamba kuodzera. Pamenepo aimitseni, ayendeyende m'kalasi akufunsana mafunso, ndipo zolemba muzisunge tsiku lina. Ngati wina wachikulire akuchedwa kuwerenga, musafulumire kuganiza kuti sakumva, chifukwa mwina zilembo zachepa ndipo magalasi alibe, kapena sukulu anailekera panjira ndipo akuchita manyazi kunena. Lembani zilembo zikuluzikulu ndipo musamuumirize kuwerenga mokweza pamaso pa anzake.

Akuluakulu amajomba chifukwa cha maliro, mashifiti ndi ana odwala, choncho phunziro lililonse likhale loima palokha, ndipo zakale muzizibwereza kawirikawiri. Homuweki ikhale yaifupi, yotheka pa minibasi kapena pa nthawi ya nkhomaliro. Uthenga wa mawu wa mphindi imodzi pa WhatsApp, wofotokoza zimene anachita kuntchito tsikulo, umathandiza kuposa masamba atatu odzaza mipata, ndipo mukasunga uthenga wa mwezi woyamba n'kudzawamvetsera mwezi wachitatu, amamva okha kuti apita patsogolo.

Miyezi itatu ikatha

Ena mwa ophunzira adzakupemphani kuti muziwaphunzitsa paokha kunyumba. Onani kaye ngati mgwirizano wanu ndi chilolezo chanu cha ntchito zikulola, chifukwa kutenga ophunzira a sukulu mobisa ndi njira yachidule yothetsera ntchito. Ngati zikuloledwa, gwirizanani mtengo polemba, alipire maphunziro angapo pasadakhale, ndipo munene poyera kuti phunziro lolephereka popanda kudziwitsa dzulo lake limalipidwa.

Pemphani mphunzitsi wodziwa kuti adzaonerere phunziro lanu, ndipo inunso mukaonerere lake. Mumuuze chinthu chimodzi chimene mukufuna kuti ayang'ane, monga kutalika kwa malangizo anu kapena ophunzira amene simuwafunsa kawirikawiri. Afunseninso ophunzira papepala lopanda dzina kuti anene chimene chikuwathandiza ndi chimene akufuna chichuluke, ndipo sabata yotsatira musinthe chinthu chimodzi chooneka kuti adziwe kuti munawerenga. Sungani kope la makalasi onse amene mwaphunzitsa, milingo yake, maola ake ndi mabuku amene munagwiritsa ntchito, chifukwa sukulu yotsatira idzafunsa zimenezi, ndiponso maphunziro apamwamba monga DELTA, dipuloma ya Cambridge ya aphunzitsi a Chingerezi, amayembekezera kuti munaphunzitsapo kale milingo yosiyanasiyana. Tsiku lothera chilolezo chanu cha ntchito ndi DIRE mulilembe pamalo oonekera, ndipo muyambe kukumbutsa ofesi ya sukulu kukadali miyezi iwiri.